Phunziro 8: Nkhwangwa Yobwereka

SABATA MASANA

WERENGANI PA PHUNZIRO LA SABATA INO: Gen. 2:15, Eks. 21:35, 36, 22:1-15, 2 Maf. 6:1-7, Yoh. 6:5-13, Filemoni 10-19.

VESI LOLOWEZA: Luka 16:10. Liwerengeni pamodzi ndi ana pa mapemphero a m'banja, ndipo aliyense aliloweze.

MFUNDO YAIKULU: Mwana amaphunzira kusamala akazindikira kuti chinthu chilichonse chili ndi mwini wake ndiponso mtengo wake. Akaononga, tiyenera kumtsogolera kuti avomere ndi kubweza monga mwa mphamvu zake, ife makolo titaima naye pamodzi.

MLANDU WA MBUZI. Ife a ku Nsanama, pa msewu wochokera ku Liwonde kunka ku Ntaja m'boma la Machinga, tiudziwa mlandu umene umafika pabwalo la amfumu chaka ndi chaka. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, nandolo ndi chinangwa zimatsalabe kumunda. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 10 amene watumidwa kukadyetsa mbuzi. Panjira apeza anzake akusewera mpira wachikulunga. Amangirira mbuzi pachitsa ndi chingwe chakutha, nathamangira kumpira. Pamene dzuwa lipendeka, chingwe chaduka, mbuzi zili m'munda wa mayi wina wamasiye, ndipo mizere ingapo ya chinangwa yatsala timitengo tokhatokha.

Kodi banja lachikhristu lichitenji madzulo amenewo? Kawirikawiri timachita chimodzi mwa zinthu zitatu. Ena timathyola mkwapulo mtima uli m'mwamba, mwana n'kulira kufikira anansi atadzaleretsa. Ena timakana kuti sizinali mbuzi zathu, mwana ali kumva. Ena timakalipira mwakachetechete, mwana osadziwa n'komwe kuti mpira wake wadya ndowa zingati za chimanga. M'njira yoyamba mwana aphunzira kubisa. M'njira yachiwiri aphunzira kunama. M'njira yachitatu aphunzira kuti wina adzamlipirira masiku onse. Palibe mwa zitatuzi imene imphunzitsa kusamala.

Mulungu sananyoze nkhani zazing'ono zotere. Atangopereka Malamulo Khumi pa phiri la Sinai, analankhula za chiweto cholowa m'munda wa mwini, za moto wolusa, ndi za chinthu chobwereka chimene chaonongeka. Sabata ino tiona m'mene malangizo amenewa angatithandizire polera ana athu.

TSIKU LOYAMBA

ZONSE ZILI NDI MWINI (Gen. 2:15, Sal. 24:1, 1 Mbiri 29:14).

Kodi Mulungu anapatsa Adamu ntchito yotani m'munda wa Edene? Kodi anampatsa uchimo usanalowe, kapena utalowa? Gen. 2:15.

Kusamala chinthu si chilango. Ndi ntchito yoyamba imene munthu analandira akadali wangwiro. Munda unali wa Mulungu, koma Mulungu anauika m'manja mwa munthu, namkhulupirira nawo. Ichi ndicho chiyambi cha ukapitawo. Ambiri a ife tikamva mawu akuti ukapitawo timangoganiza za chakhumi ndi zopereka. Koma kwa mwana, ukapitawo umayamba ndi kapu yake yomwera phala, pensulo yake, ndi malaya ake a pa Sabata.

Mwana akayamba kulankhula, sachedwa kunena kuti “changa.” Liwu limeneli si loipa palokha. Mwana amene sanakhalepo ndi chake sangamvetse chifukwa chake mnzake akulirira chake. Udindo wathu ndiwo kuonjezera mawu ena awiri pa liwu limenelo. Loyamba ndi lakuti “cha mwini,” ndipo lachiwiri ndi lakuti “cha Mulungu.” Mwana wodziwa mawu atatu onsewa wadziwa maziko a lamulo lachisanu ndi chitatu.

Werengani 1 Sam. 17:20, 22, 34, 35. Kodi Davide anachitanji ndi nkhosa, ndiponso ndi katundu amene ananyamula, asanapite kukaona abale ake kunkhondo?

Tsiku limenelo linali lalikulu m'moyo wa Davide, komabe mlembi sanaiwale kutiuza kuti mnyamatayo anasiyira wina nkhosa, nasungitsanso katundu wake kwa wosunga katundu. Sanangothamanga. Amene anadzasamala Israyeli anaphunzira ntchitoyo pa nkhosa zowerengeka za atate wake.

Makolo athu anali ndi nzeru yomweyi. Ankasulitsa kakhasu kakang'ono ka mwana, kumpatsa mzere wake wa mtedza, kapena msoti wa nkhuku woti aziutcha wake. Msotiwo ukagwidwa ndi kabawi chifukwa sanautsekere, mwana ankamva kuwawa kumene ulaliki uliwonse sukanampatsa. Ukaswa anapiye, ankadziwa kukoma kwa kusamala. M'mera mpoyamba. Tisadikire kuti mwana afike ku sekondale tisanamuikire kanthu m'manja. Timpatse chochepa cholingana ndi msinkhu wake, timsonyeze malo ake osungira, ndipo tisamtolere masiku onse pamene wachitaya pabwalo. Nkhuku yake ikayamba kupindula, timphunzitse kupatula chakhumi, kuti adziwe kuti ngakhale chimene achitcha chake chili ndi Mwini wamkulu.

Kodi mwana aliyense m'nyumba mwanu ali ndi chinthu chimodzi chimene adziwa kuti kusamala kwake kuli pa iye yekha?

LOLEMBA

MTENGO WAKE NDI THUKUTA (Yoh. 6:5-13, Miy. 27:23-27).

Anthu onse atakhuta, kodi Yesu analamula ophunzira ake kuchitanji? Nanga n'chifukwa ninji amene anali ndi mphamvu yochulukitsa mkate anasamala za makombo? Yoh. 6:12, 13.

Mikate isanu ndi tinsomba tiwiri zinachokera m'manja mwa mnyamata. Tingaganize kuti mnyamatayo analipo, naona ophunzira akuwerama m'udzu kutola zotsala mpaka kudzaza mitanga 12. Anaphunzira tsiku limenelo kuti kuchuluka kwa chinthu si chilolezo chochitaya. Mu mkate uliwonse muli mvula ya Mulungu ndi thukuta la munthu.

Ana athu ambiri saononga chifukwa cha mtima woipa, koma chifukwa sanaonepo thukutalo. Kwa mwana, nsapato zimangotuluka m'thumba la abambo pa tsiku la msika. Saona mizere imene inalimidwa, kapena matumba amene ananyamulidwa panjinga dzuwa likuswa mtengo. Ndipo ife timabisa, poganiza kuti za ndalama si za ana.

Masiku ano kubisako kumatipweteka koposa kale. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Katundu wochokera kunja, monga matayala a njinga, mafoni ndi feteleza, anakwera mtengo. Chimene kale tikadagula china mosavuta, lero chikaonongeka banja limakhala miyezi lilibe. Foni imodzi imene mwana waigwetsa m'ndowa ya madzi ingakhale ndiyo njira yokhayo imene banja limalandirira ndalama kuchokera kwa mbale wa ku Lilongwe kapena ku Johannesburg.

Kutchula chiwerengero cha makwacha sikuthandiza mwana kwenikweni, pakuti sadziwa kulemera kwake, ndiponso mitengo imasintha msanga. Tiyeni timuuze mtengo m'chinenero chimene amva. Nsapato izi ndi masiku angati a ganyu? Buku ili ndi ndowa zingati za nandolo? Tayala ili ndi maulendo angati a kabaza? Timtenge popita kumsika, agwire ndalama ndi manja ake, aone zikuchoka. Amene wathandiza kusenda ndi kuyanika chinangwa chimene chagulitsidwa kuti agule yunifolomu yake, sadzaisiya pampanda kuti mbuzi iitafune.

Kodi Miy. 27:23-27 ikugwirizanitsa bwanji kuyang'anira ziweto ndi zovala ndi chakudya cha banja?

Koma tichenjere. Kuphunzitsa mtengo n'kosiyana ndi kutonza. Kholo limene tsiku ndi tsiku limawerengera mwana zonse zimene lamgulira, limampangitsa kudziona ngati katundu wolemetsa m'nyumba ya kwawo. Mulungu amapatsa mosatonza (Yak. 1:5). Tinene za mtengo chinthucho chikadali chatsopano, mwachimwemwe ndi moyamika, osati pokhapokha chitasweka.

Kodi ana anu adziwa ntchito imene inabala chakudya cha lero? Kodi munayamikapo Mulungu pamaso pawo chifukwa cha mphamvu yogwirira ntchitoyo?

LACHIWIRI

NGOZI, KUSASAMALA, NDI DALA (Eks. 21:35, 36, 22:1-15).

Lembani chimene wolakwa anayenera kuchita pa mlandu uliwonse:

Eks. 21:35 ____________________

Eks. 21:36 ____________________

Eks. 22:1 ____________________

Eks. 22:5, 6 ____________________

Eks. 22:13-15 ____________________

Malamulo amenewa anaperekedwa kwa akuluakulu a Israyeli monga mtundu, ndipo sitiwatenga monga muyeso wolipiritsa ana. Koma nzeru imene ili m'kati mwake siinakalambe. Mulungu sanaike kuononga konse m'thumba limodzi.

Choyamba pali ngozi. Ng'ombe ikapha ng'ombe inzake mosayembekezeka, eni ake awiri ankagulitsa yamoyo, nagawana ndalama ndi nyama ya yakufayo. Kutayako ankasenza onse. Mbusa akabweretsa umboni wakuti chilombo chajiwa chiweto, sankalipira. Chomwecho mtsikana akaterereka panjira ya kumjigo nthawi ya mvula, naswa ndowa, safunika chilango. Afunika kufunsidwa ngati wavulala.

Chachiwiri pali kusasamala. Ngati mwini ankadziwa kuti ng'ombe yake imagunda, koma osaitsekera, ankalipira ng'ombe yathunthu. Wolekerera chiweto m'munda wa mnzake ankabweza ndi zokolola zabwino koposa za m'munda mwake, osati mphwepwa. Woyatsa moto umene walusa ankalipira zonse zimene zapsa. Ife tidziwa chimene moto umachita kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala, pamene udzu wauma ndipo mphepo ikuomba. Moto wa anyamata osaka mbewa, kapena wa zinyalala pososa munda, umatha mitolo ya udzu wofolera, minda ya nandolo, ngakhale nyumba. Palibe amene anafuna kutero, komabe chapsa chapsa, ndipo mwini wake ayenera kubwezeredwa.

Chachitatu pali dala. Wakuba nkhosa, naipha kapena kuigulitsa, ankabweza zinayi, ndipo wakuba ng'ombe ankabweza zisanu. Mwana amene apondereza galimoto yawaya ya mng'ono wake chifukwa cha nsanje, kapena athyola nzimbe m'dimba la mwini, vuto lake lili mumtima osati m'manja. Kubweza kokha sikukwanira. Pafunika kulapa, kupepesa, ndi pemphero.

Onaninso Eks. 22:15. N'chifukwa ninji wobwereka sankalipira ngati mwini chiweto anali pomwepo?

Vesi limeneli limatiweruza ife makolo. Tikapatsa mwana wa zaka 3 foni kuti aleke kulira, naigwetsa ife tikuona, mlandu ndi wathu. Tikasiya mbale yadothi m'mphepete mwa tebulo pamene mwana akukwawa, mlandu ndi wathu. Ngakhale pa nkhani ya mbuzi ija, mnyamata analakwa pothamangira mpira, koma kodi ndani anasiya chingwe chakutha pakhomo miyezi yonseyo? Kholo lolungama limavomera gawo lake poyamba.

Kodi ukali wanu umalingana ndi kulakwa kwa mwana, kapena ndi mtengo wa chimene chasweka?

LACHITATU

NKHWANGWA M'MADZI (2 Maf. 6:1-7).

Werengani nkhani yonse. Kodi n'chiyani chimene chinamuwawa kwambiri mnyamata uja pamene nkhwangwa inagwera mu Yordano? Vesi 5.

Ana a aneneri anali ophunzira osauka. Malo awo anachepa, ndipo anapita kumtsinje kukadula mitengo yomangira. Mmodzi analibe ngakhale nkhwangwa yake. Akuluakulu amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo zinaterodi. Koma taonani chimene anachita. Sanataye mpini patchire n'kukanena kuti nkhwangwa yabedwa. Sananene kuti mwini anambwereka chinthu chogwedera kale. Anafuula kwa mphunzitsi wake nthawi yomweyo, ndipo chisoni chake chinali chakuti chinthucho chinali cha mwini.

Yerekezani mnyamatayu ndi Adamu (Gen. 3:12) ndi Aroni (Eks. 32:21-24). Kodi kusiyana kwawo kuli pati?

Adamu analoza mkazi. Aroni analankhula ngati fano la mwana wa ng'ombe linangotuluka lokha m'moto. Mawu akuti “changosweka chokha” ndi akale ngati uchimo womwe. Ana athu amabadwa ndi mtima womwewo, ndipo mantha amaukulitsa. Ngati mwana wovomera alandira ndodo yofanana ndi ya wokana, adzasankha kukana, pakuti mwina angapulumuke. Tiyenera kukonza nyumba zathu kuti kunena zoona kukhale kopepuka kuposa kubisa (Miy. 28:13).

Taonaninso Elisa. Sanakalipe, ndipo sanafunse chifukwa chake mnyamatayo sanakhomere mpini. Anangofunsa pamene chitsulocho chinagwera, ndipo mnyamatayo anamsonyeza malo ake. Mulungu atayandamitsa chitsulo, Elisa sanachitole yekha. Anauza mnyamatayo kuti atambasule dzanja lake nachitenge. Chimene mnyamata sakadatha, Mulungu anachita. Chimene akadatha, anamsiyira.

Ana athu amagwira zobwereka tsiku ndi tsiku. M'chaka cha 1994, boma litachotsa fizi ku sukulu za pulayimale, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Ana ambiri a kumudzi amene sakadaona kalasi analowa sukulu, koma zipinda, madesiki ndi mabuku zinachepa, ndipo ambiri a ife tikumbukira buku limodzi likuyenda m'manja mwa ana angapo. Buku lotere mwana akang'amba masamba ake kuti akulungire zitumbuwa, walanda phunziro la anzake a chaka chamawa. Mjigo wa m'mudzi nawonso ndi wobwereka. Ana akamalendewera pa chogwirira mpaka kuthyoka, mabanja onse asonkha ndalama zokonzera, ndipo amayi abwerera kuchitsime chakuda. Mabenchi ndi mabuku a nyimbo a kutchalitchi ndi chimodzimodzi. Maganizo akuti cha boma kapena cha mpingo chilibe mwini amayambira pakhomo, ndipo mwana amene wakula nawo adzawatenga kupita nawo ku ofesi.

Kodi m'nyumba mwanu muli khasu, mpope wa njinga, kapena buku lobwereka limene simunabweze? Ana anu akuphunzirapo chiyani?

LACHINAYI

NDANI ALIPIRA? (Filemoni 10-19; Deut. 24:6, 12, 13, Aef. 6:4).

Onesimo anathawa kwa Filemoni, ndipo zioneka kuti anamtayitsa kanthu. Kodi Paulo anachita zinthu ziwiri ziti? Filemoni 12, 18, 19.

Paulo ankamtcha Onesimo mwana wake. Sanambise ku Roma, ngakhale ankamfuna. Anamtumiza kukaonana maso ndi maso ndi amene anamlakwira. Koma sanamtumize wopanda mtetezi. Analemba ndi dzanja lake kuti ngongole yonse ikhale pa iye. Onesimo anayenda ulendo wa manyazi, ndipo Paulo anasenza mtengo umene Onesimo sakadatha.

Mwambo wathu uli ndi chithunzi chomwechi. M'midzi yathu ya chikamwini, mwana akapalamula, amalume ake monga mwini mbumba amaima pabwalo pamodzi ndi makolo. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Koma manyazi amenewa asatichititse kumsiya mwana kunyumba. Eli analangidwa chifukwa anadziwa zoipa za ana ake osawaletsa (1 Sam. 3:13), ndipo za Adoniya kwalembedwa kuti atate wake sanamfunsepo chifukwa cha zochita zake (1 Maf. 1:6).

Tibwerere kwa mnyamata wa mbuzi uja. Madzulo omwewo, mwini munda asanadandaule kwa amfumu, bambo atenge mwanayo ndi amalume ake, apite kwa mayi wamasiyeyo. Mwana apepese ndi pakamwa pake: “Agogo, ndine ndinasiya mbuzi. Pepani, ndalakwa.” Akuluakulu ayendere munda, agwirizane za kubweza pamaso pa mboni, ndipo bambo alipire ndi zabwino, mosanyinyirika. Pobwerera amuuze mwana mofatsa kuchuluka kwa chimene chachoka m'nkhokwe, navomere kuti chingwe chinali mlandu wa iye bambo. Kenaka mwana apatsidwe gawo lake. Angapote chingwe chatsopano, angathandize kubzalanso chinangwa m'mizere ija mvula ikagwa, kapena angapereke mmodzi wa anapiye ake. Gawolo likhale lakuti alimve, koma lakuti angathe kulimaliza.

Kodi Deut. 24:6, 12, 13 ikuika malire otani pa kulipiritsa munthu?

Mulungu analetsa kulanda mphero kapena chofunda cha wosauka chifukwa cha ngongole, pakuti moyo wa munthu uposa ngongole yake. Chomwecho sitimana mwana nsima chifukwa waswa mbale. Sitimuletsa sukulu chifukwa wataya kope. Sitimtumiza kukagwira ntchito kwa ena kuti abweze ngongole ya banja. Ngakhale lamulo la dziko lathu la za ntchito, la m'chaka cha 2000, limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Ndipo gawo lake likatha, mlandu wathanso. Tisamtche wosasamala pamaso pa alendo. Mawa lake timpatsenso mbuzi zomwezo. Dzina la Onesimo litanthauza wothandiza, ndipo Paulo anakhulupirira kuti dzinalo lidzakhalanso loona.

Pano ndi pamene mwana ayamba kumvetsa Uthenga Wabwino. Ife tonse tinaononga chimene sitingathe kubweza. Mulungu sanayese ngati sanaone, ndipo sanatisiye tokha ndi ngongoleyo. Yesu anaima m'malo mwathu, nalipira ndi mwazi wake (1 Pet. 1:18, 19). Mwana amene waona atate wake akutapa chimanga m'nkhokwe chifukwa cha kulakwa kwake, namgwirabe dzanja pobwerera, sadzavutika kumva tanthauzo la mtanda.

Kodi ana anu akalakwa amathamangira kwa inu, kapena amathawa inu?

LACHISANU

KUPHUNZIRA KOONJEZERA: Werengani Lev. 6:1-7 ndi Luka 19:1-10. Onani kuti wolakwira mnzake pa katundu ankabweza chinthucho, naonjezapo limodzi la magawo asanu, pa tsiku lomwelo lopereka nsembe yake. Kukonza mlandu ndi mnansi ndi kukonza mlandu ndi Mulungu zinkayendera pamodzi. Zakeyu sanagule chipulumutso ndi kubweza kwake. Anabweza chifukwa Yesu anali atalowa kale m'nyumba mwake.

Buku la Child Guidance, limene linasonkhanitsidwa kuchokera m'zolemba za Mayi Ellen G. White ndi kusindikizidwa m'chaka cha 1954, lili ndi mutu wapadera wonena za kusamala katundu. Malangizo ake ndi akuti ana aphunzitsidwe akadali aang'ono kusaononga zinthu za m'nyumba ndi kulemekeza za eni, chifukwa chizolowezi cha paubwana chimakula pamodzi ndi munthu.

Tikumbukirenso kuti m'boma la Machinga tikhala pakati pa anansi ambiri Achisilamu ndi a mipingo ina. Ambiri a iwo sadzabwera ku msonkhano wathu wa chitsitsimutso, koma onse adzamva za banja la Adventist limene linabwera lokha kudzapepesa ndi kulipira lisanaitanidwe kubwalo. Adzamvanso za banja limene linakana mbuzi zake Lachisanu, n'kukaimba kutchalitchi pa Sabata.

MAFUNSO OKAMBIRANA:

1. Makolo amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere yekha. Kodi ndi nthawi iti pamene tiyenera kumleka mwana kuti amve zotsatira za kusasamala kwake, nanga ndi nthawi iti pamene tiyenera kumtchinjiriza?

2. Mwana wa mbale wa mumpingo waononga njinga yanu, ndipo makolo ake alibe chobwezera. Kodi Mat. 18:15 ndi Mat. 18:23-35 zikukuthandizani bwanji? Kodi kukhululuka ngongole kumatanthauza kuti mwanayo asaphunzire kanthu?

3. M'mabanja ambiri muli ana amasiye oleredwa pamodzi ndi ana athu obereka. Mbale ikasweka, kodi onse amaweruzidwa ndi muyeso umodzi? Werengani Eks. 22:22, 23.

4. Kodi aphunzitsi a Sukulu ya Sabata ya ana ndi atsogoleri a Pathfinder angachitenji kuti ana akhale ndi gawo posamala mabenchi, mabuku ndi ziwiya za mpingo?

MWACHIDULE: Zonse n'za Mulungu, ndipo chilichonse chili ndi thukuta la wina. Tipatse ana athu zochepa zoti asamale, tiwasonyeze mtengo wake, ndipo tisiyanitse ngozi, kusasamala ndi dala. Akaononga, apite nafe kukavomera, abweze gawo limene angathe, ife tisenze lotsalalo monga Khristu anasenzera lathu. Amene waphunzira kukhulupirika pa chingwe cha mbuzi adzakhulupirika pa thumba la mpingo, pa katundu wa dziko, ndi pa moyo wake umene Mulungu anamkongoza.